Musanalipire Chithunzi cha Metallic: Situdiyo ya M'tauni Kapena Labu?

Ikafika nyengo yoti ophunzira avale magauni ku Great Hall kuno ku Zomba, funso limene limandipeza kwambiri pa foni si la mtengo wojambulira ayi. Ndi lakuti, "Achimwene, zithunzi zonyezimira ngati chitsulo zija mumatsukitsa kuti?" Wina anachiona pakhoma kwa mnzake ku Blantyre, wina pa Facebook, ndipo onse akufuna kudziwa ngati situdiyo ya m'tauni muno ingathe, kapena mpaka atumize ku labu ya akatswiri. Yankho langa ndi limodzi: musakhulupirire mawu a wogulitsa, ngakhale anganso. Tsukitsani kachithunzi kamodzi kakang'ono mbali zonse ziwiri, maso anu aweruze. Koma kuyesako kuli ndi njira yake, apo ayi mutaya ndalama kawiri.

Yambani ndi kudziwa chimene mukuitanitsa

Dzina loti metallic limanamiza anthu chifukwa limatchulidwa pa zinthu ziwiri zosiyana. China ndi pepala la zithunzi limene pansi pa mitundu yake pali kansalu konyezimira. Mukalipendeketsa, kuwala kumaoneka ngati kukuchokera mkati mwa chithunzi. Mayina odziwika a mapepala otere ndi Kodak Endura Metallic ndi Fujicolor Crystal Archive Pearl. Awa sathiridwa inki. Makina amawalitsa chithunzi pa pepalalo ndi kuwala kwa laser kapena LED, kenako pepala limadutsa m'mankhwala, monga mmene zithunzi za filimu zinkatsukidwira kale. N'chifukwa chake mpaka lero timati "kutsuka zithunzi". Palinso mapepala a metallic opangidwira makina a inki, monga a Epson ndi a Moab, komanso a timakina totentha utoto ta DNP.

China ndi chithunzi chosindikizidwa pa chitsulo chenicheni cha aluminiyamu, ndipo dzina lomveka pamenepa ndi ChromaLuxe. Amayamba asindikiza chithunzi pa pepala lapadera, n'kuliphatika pa chitsulo, n'kupanikiza ndi makina otentha pafupifupi madigiri 200. Utoto umasanduka mpweya n'kulowa m'chikutiro cha chitsulocho. Chimenechi sichifuna galasi, mumangokoleka. Mtengo wake ndi wina, kulemera kwake n'kwina, ndipo kuchitumiza pa mtunda wautali ndi nkhani inanso.

Choncho musanatuluke pakhomo, sankhani: pepala kapena chitsulo. Zambiri zimene ndikunena pano ndi za pepala, poti ndi limene anthu ambiri angakwanitse.

Sankhani chithunzi choyenera, pakuti si chilichonse

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa anthu ambiri amene amadandaula ndi situdiyo kapena labu, cholakwika chimakhala chithunzi chimene anasankha.

Makina otsukira zithunzi saika mtundu woyera. Paliponse pamene chithunzi chili choyera, chimene mukuona ndi pepala lenilenilo. Tsono pa pepala la metallic, choyeracho si choyera ngati ufa, koma chasiliva, chong'anima. Mitundu yowala imakuwa kwambiri, ndipo malo amdima amaderatu bii. Zinthu zimene mwachibadwa zimanyezimira zimakoma nazo: madzi a damu la Mulunguzi m'mamawa, mathithi a Williams, dzuwa likutuluka pa nyanja ya Chilwa mabwato ali pa doko la Kachulu, galimoto yongotsukidwa kumene, zitoliro za bandi ya asilikali, chitenje cha mitundu yolusa. Mukaima ku Emperor's View pamwamba pa phiri n'kujambula mitambo itayala pansi panu, chimenecho ndi chithunzi cha metallic. Zithunzi zakuda ndi zoyera nazo zimatuluka ngati zosula.

Nkhope ndiye zimavuta. Ine ndinaphunzira mochita kuwawa. Ndinajambula agogo ena aakazi pa chinkhoswe cha mdzukulu wawo m'mwezi wa October, dzuwa lili pamutu, thukuta lili pachipumi. Pa sikirini chinali chithunzi chokoma kwambiri, ndipo ndinauza banjalo kuti chimenechi tichite cha metallic. Chitabwera, pachipumi ndi pamphuno pankang'anima ngati agogowo adzola mafuta ophikira, pamene mbali ya nkhope imene inali mumthunzi inali itazimiririka mumdima. Mwana wawo anangochiyang'ana n'kunena kuti, "Koma bambo, amayi athu sali chonchi." Ndinakatsukitsanso pa pepala wamba losanyezimira ndi ndalama zanga. Labu sinalakwe kanthu. Wolakwa ndinali ine.

Khungu lathu lakuda limafuna kuwala kofatsa kuti maonekedwe ake onse atuluke. Ngati mukufunadi chithunzi cha munthu pa metallic, sankhani chojambulidwa pamthunzi kapena madzulo, chopanda malo ong'anima pankhope, ndipo muwalitseko pang'ono malo amdima musanatumize. Diresi la mkwatibwi limatuluka lasiliva. Ena amakonda, ena amati likuoneka lakuda. Muwafunse eni ake. Gauni ya digiri imakhala bwino ngati nkhope yawalitsidwa mokwanira, apo ayi gauni, chipewa ndi tsitsi zimangosanduka chinthu chimodzi.

Konzani fayilo

Pezani chithunzi chenicheni chochokera mu kamera kapena mu foni imene inajambula. Chimene chadutsa pa WhatsApp kapena pa Facebook chimakhala chitafinyidwa kale, ndipo pepala la metallic silibisa kanthu: timabokosi tonse ta kufinyako timaonekera, makamaka pa mtambo. Ngati palibe njira ina yotumizira kupatula WhatsApp, tumizani ngati Document, osati ngati chithunzi. Bandulo idyekapo, koma fayilo ifika yathunthu. Kuli bwinonso kuika pa fulashi.

Kenako werengani mapikiselo, timadontho ting'onoting'ono timene timapanga chithunzi. Malabu ambiri amafuna mapikiselo 300 pa inchi iliyonse. Ndiye kuti chithunzi cha mainchesi 4 kwa 6 chifuna 1200 kwa 1800, cha 8 kwa 10 chifuna 2400 kwa 3000, cha A4 chifuna 2480 kwa 3508, ndipo cha A3 chifuna 3508 kwa 4961. Foni ya 12 MP, kutanthauza mapikiselo 12 miliyoni, imatulutsa pafupifupi 4000 kwa 3000, zimene zikukwana bwino mpaka mainchesi 10 kwa 13. Cha pakhoma, chimene munthu amachionera patali, mutha kutsika mpaka 200 osadandaula. Mukatsika kwambiri kuposa apo pa pepala lonyezimira, muyamba kuona kufuwa.

Dulani nokha chithunzicho molingana ndi pepala. Makamera ambiri amajambula pa muyeso wa 3 kwa 2, mafoni pa 4 kwa 3, pamene pepala la 8 kwa 10 ndi 5 kwa 4. Mukatumiza cha kamera osadula n'kuitanitsa 8 kwa 10, mainchesi awiri ayenera kuchoka, ndipo makina sadziwa kuti akudula mutu wa atsibweni anu. Itanitsani 8 kwa 12 ngati mukufuna chonse chikhalepo.

Sungani ngati JPEG pa mlingo wapamwamba, mitundu ikhale pa muyeso wotchedwa sRGB pokhapokha labu itanena zina. Ndipo tsitsani kuwala kwa sikirini yanu mpaka pakati musanaweruze. Sikirini imadziwalitsa yokha, pepala limadalira kuwala kwa m'chipinda. Pafupifupi aliyense amene amati "anditsukira chakuda" anali ndi foni yowala mpaka pamapeto.

Pangani chithunzi choyesera

Musayese ndi chithunzi chimodzi chokha cha malo okongola. Pa kompyuta, kapena pa foni pomwe, phatikizani tizithunzi tinayi pa tsamba limodzi la 5 kwa 7 kapena 6 kwa 8: nkhope ya munthu, chinthu choyera chokhala ndi mizere yake monga leisi ya diresi, mtambo wabuluu umene ukusintha pang'onopang'ono, ndi malo amdima okhala ndi tinthu mkati mwake, monga mitengo ya paini ya kuphiri. Fayilo yomweyo ndi imene ipite ku situdiyo ndi ku labu. Mukasintha kanthu pakati, mwaononga mayeso.

Pitani ku situdiyo ya pafupi

Masitudiyo a m'tauni ndi a m'misika ntchito yawo yaikulu ndi zithunzi za ziphaso, za sukulu ndi za maalubamu. Ambiri amagwiritsa ntchito makina a inki a mitundu sikisi monga Epson L805 ndi L1800, kapena timakina totentha utoto. Makina amenewa si achabe. Akapatsidwa pepala labwino ndi munthu wodziwa, amatulutsa chithunzi choti simungachite nacho manyazi. Ubwino wake ndi woonekeratu: mtengo wotsika, mumadikira pomwepo, mumalipira pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndipo chikalakwika mumalankhula ndi munthu maso ndi maso.

Funso loyamba lisakhale lakuti "Mumapanga metallic?" chifukwa yankho likhala eya. Funsani kuti, "Achimwene, mungandionetseko paketi ya pepalalo?" Tsiku lina ndinafunsa choncho pa situdiyo ina, mnyamata wa pamakina n'kunditulutsira paketi ya pepala la glossy. "Ndi lomweli bwana, limawala kwambiri," anatero. Sankandinamiza. Kwa iye chilichonse chowala chinali metallic. Malo ena amamata kapulasitiki konyezimira pamwamba pa chithunzi wamba n'kuchitcha dzina lomwelo. Kusiyanitsa n'kosavuta: tengani pepala losasindikizidwa mulipendeketse pa kuwala. La glossy ndi loyera, kuwala kumangotsetsereka pamwamba. La metallic lili ndi kuthwanima kwasiliva ngati mamba a usipa. Tembenuzaninso kumbuyo, pakuti mapepala a Kodak ndi a Fujifilm amakhala ndi dzina lolembedwa kumsana.

Ngati ali nalodi, funsani zinthu zina ziwiri. Inki yawo ndi ya dye kapena ya pigment? Ya dye imawala mokoma koma imasuluka msanga ikamaombedwa ndi dzuwa, ya pigment imakhalitsa. Ndipo inki yothiramo ya m'mabotolo opanda dzina imasintha mitundu botolo ndi botolo. Chachiwiri, apempheni kuti azimitse Auto Correct. Pulogalamu imeneyi imawalitsa ndi kukoleza mitundu payokha, ndipo pa pepala limene ndi lolusa kale, nkhope zimatha kufiira ngati njerwa. Ngati simunakonze chithunzi chanu konse, tsukitsani ziwiri, china choyatsa china chozimitsa, muone.

Ngati alibe pepalalo, ena amalola kuti mubweretse lanu. Onetsetsani kuti ndi la makina a inki, ndipo vomerani kuti mapepala awiri kapena atatu oyamba atha poyesera.

Tumizani ku labu

Labu ya akatswiri simuipeza pa ngodya iliyonse. Ambiri a ife timayamba kufunsa ku Blantyre, ulendo wa pafupifupi makilomita 70 pa msewu wa M3, kapena ku Lilongwe, ndipo pepala likasowa timayang'ana ku Johannesburg kapena ku Cape Town. Imbani kaye musanakwere minibasi. Pepala limeneli limachokera kunja, ndipo amene anali nalo mwezi watha atha kukhala alibe lero. Mitengonso siikhazikika. Amene tinali pa ntchitoyi pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023 tikukumbukira mmene mitengo ya mapepala ndi inki inasinthira. Mtengo umene akuuzani, funsani kuti ukhala mpaka liti.

Chimene mukulipira ku labu si pepala lokha. Makina awo amayesedwa kawirikawiri kuti mitundu isamasinthe, kotero kuti chithunzi chimene mwatsukitsa lero ndi chimene mudzatsukitse chaka chamawa zidzafanana. Labu yeniyeni idzakuuzani dzina la pepala popanda kuzengereza. Ambiri amaperekanso kafayilo kotchedwa ICC profile, kamene mukakaika mu Photoshop kapena Lightroom mumaona pa sikirini chifupifupi cha mmene mitundu idzakhalire pa pepalalo. Kunyezimira sikuoneka pa sikirini, koma mumadziwiratu mitundu imene idzasokonekera. Pa fomu yawo pamakhala posankha ngati akonze mitundu kapena asakhudze. Pa chithunzi choyesera, sankhani kuti asakhudze.

Malo akangodzitcha labu koma osatha kutchula pepala lawo, osafuna kukutsukirani kakang'ono koyesera, muwaone ngati situdiyo wamba ya mtengo wokwera.

Yerekezani pakhonde, osati m'sitolo

Zonse ziwiri zikafika, musalembe kumbuyo ndi bolopeni chifukwa imadinda mpaka kutsogolo. Matani kapepala kumsana, mulembepo. Kenako zisakanizeni, mupatse munthu wina wa pakhomo amene sakudziwa kuti chodula ndi chiti. Ine ndimapatsa mayi a kunyumba, ndipo kangapo konse asankha cha situdiyo.

Tulukani nazo pakhonde masana, pamthunzi. Yang'anani nkhope: kodi ndi mtundu wa munthuyo, kapena wapita kofiira kapena kobiriwira? Yang'anani leisi: mizere ikuoneka kapena yangokhala mbee? Pa mtambo fufuzani timizere topingasa, chizindikiro chakuti mutu wa makina a inki watsekeka pena. Pa malo amdima, werengani mitengo imene mukuiona m'chithunzi ichi ndi icho. Mukatha, lowani nazo m'chipinda chimene chithunzicho chidzakhale, muziimike pakhomapo, muzione usiku babu litayaka. Metallic imasintha nkhope malinga ndi kumene kuwala kukuchokera. Pakhoma loyang'anizana ndi zenera, mudzaona zenera osati chithunzi.

Ngati simukufulumira, pali mayeso ena awiri amene sadya ndalama. Donthezani kadontho ka madzi pa ngodya, mudikire pang'ono, mupukute. Pepala lotsukidwa m'mankhwala silisintha, pamene mapepala ena a inki amayererako. Kenako phimbani theka la chithunzi chilichonse ndi katoni, muziike pazenera pofika dzuwa kwa milungu ingapo. Mukadzavundukula, mzere wa pakati udzakuuzani chimene chidzasuluke msanga. M'dzuwa la October mayeso amenewa sachedwa kuyankha.

Werengani mtengo wonse

Pa situdiyo, mtengo ndi umene auzidwawo, kuonjezapo kabaza. Pa labu, lembani zonse: chithunzi, thiransipoti yopita ndi kubwera kapena ya kampani yonyamula katundu, tsiku la ntchito limene mutaye. Chikachokera kunja, onjezani ndalama ya banki polipira ndi khadi, mtengo wa DHL kapena wina wotere, ndi msonkho umene a MRA angafune katundu akamalowa. Nthawi zambiri kunyamula kumaposa mtengo wa chithunzi chimodzi. N'chifukwa chake ife ojambula timasonkhanitsa maoda a anthu angapo n'kutumiza kamodzi, kapena kudikira wachibale amene akubwera kuchokera ku Joni.

Mmene ndimaonera ine, zithunzi za mu alubamu, zogawa kwa abale pambuyo pa ukwati, ndi zonse zochepera A4, situdiyo imene yapambana mayeso anu ndi yokwanira, ndipo zambiri mwa izo sizifuna metallic n'komwe. Labu ndi ya chithunzi chimodzi kapena ziwiri zimene zidzakhale pabalaza zaka zambiri, zogulitsa kwa alendo, kapena zopachika mu ofesi ndi mu loji. Kukula kwa chithunzi kumakulitsanso zolakwika. Chimene sichioneka pa 5 kwa 7 chimakuwa pa A2.

Mukasankha labu, musalumphe kuchoka pa kakang'ono koyesera kufika pa chachikulu. Dulani kachigawo ka chithunzi chenichenicho pa kukula kwake komaliza, monga nkhope yokha, mutsukitse pa 5 kwa 7. Mukakhutira, itanitsani chachikulu, ndipo nenani kuti pepala likhale lomwelo.

Kuchinyamula ndi kuchikoleka

Pepala la metallic likangopindika pang'ono, chipsera chake sichichoka, ndipo kunyezimira kumachionetsa patali. Pemphani kuti achiike chogona pakati pa makatoni awiri olimba. Chachikulu kwambiri amachikulunga m'chubu, koma chubucho chikhale chotakata. M'minibasi musachipereke kwa kondakitala kuti aike kumbuyo pamodzi ndi matumba a chimanga. Chikhale pamiyendo panu. Gwirani m'mbali mokha, m'manja mouma, pakuti zala zimasiya zidindo zimene pa pepala lina sizikanaoneka.

Zomba ndi konyowa. Kuyambira November mpaka April mvula siisowa, ndipo m'miyezi ya June ndi July chiperoni chimatsika phiri n'kulowa mpaka m'nyumba. Chithunzi chonyezimira chikakhudzana ndi galasi m'nyengo zotere chimamatirira, ndipo pochichotsa chimasendeka. Uzani wopanga felemu kuti aike katoni yodulidwa pakati, yozungulira chithunzi, kuti pakhale mpata pakati pa pepala ndi galasi. Kumbuyo atseke bwino ndi tepi, ndipo pa ngodya ziwiri za m'munsi mwa felemu mumatepo timphira kuti isagundane ndi khoma, mpweya uzidutsa. Khoma limene limachita chinyezi nthawi ya dzinja, monga la kuseri kwa bafa, lisiyeni. Galasi wamba limaonjezera kunyezimira kwake pamwamba pa kwa pepala, pamene galasi lofuwa lija loletsa kunyezimira limapha kuthwanima kumene mwalipira. Ena amasankha kumata chithunzi pa bolodi lolimba popanda galasi, koma bolodilo likhale losalala kwambiri, chifukwa kamchenga kamodzi pansi pa pepala kamatukula kaphiri koonekera.

Cha aluminiyamu sichiopa chinyezi ngati pepala, ndipo kwa amene amakhala kumtunda cha ku Mulunguzi kapena kuphiri, nthawi zina ndi chimene ndimawalangiza ngakhale chili chodula. Fumbi likachita, pukutani ndi kansalu kofewa konyowa pang'ono. Cha pepala chopanda galasi musachinyowetse: chipemerereni ndi kapampu kopukutira kamera, kapena chisesereni mopepuka ndi kabulashi kofewa kamene sikanagwirepo ntchito ina.